Maluwa a monkeyflower: zomera zomwe mitundu yake ikadabadwabe

Duwa la monkeyflower lili ndi milomo iwiri. Timasamba take tisanu tinalumikizana n'kupanga kachubu, ndipo kukamwa kwa kachubuko tiwiri tinaloza m'mwamba, titatu tinagwera pansi. Azungu ankati ukaliyang'ana chamaso limaoneka ngati nkhope ya pusi woseka, dzina n'kukhala lomwelo. Pakhomo pa kachubu pali kamutu kolandira mungu, nakonso kali ndi timilomo tiwiri toyasama. Mukakakhudza ndi kaudzu, timilomoto timatsekeka inu mukuona, m'masekondi ochepa chabe. Ngati sipanagwere mungu, kamutuko kamadzayasamanso pakapita nthawi. Ngati mungu wagwera wokwanira, katseka katseka. Ofufuza a ku California anapeza kuti kakatseka chonchi kamapatuka panjira, ndiye mbalame yobwera kudzamwa timadzi totsekemera imakhudza bwino mungu wa duwalo n'kupita nawo kwina.

Kwawo kwenikweni kwa maluwawa ndi kumadzulo kwa North America, makamaka ku California, komwe kuli mitundu yambiri kuposa kwina kulikonse. Ina ili m'mapiri a Andes ku Chile, ina ku Australia, ina kum'mawa kwa Asia, ndipo yochepa ili mu Africa muno ndi ku Madagascar. Yonse pamodzi imaposa 150. Nambala yeniyeni imadalira yemwe mwamufunsa, ndipo si chifukwa choti akatswiri sadziwa kuwerenga. Zomerazi zikadagawikanabe ndi kusakanikirana, mwakuti malire a mtundu wina ndi unzake m'malo ambiri sanakhazikike. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona kukoma kwa nkhani yonse, chifukwa pa zamoyo zambiri timangoona mitundu itapatukana kale, koma pa maluwa awa munthu akhoza kuona kupatukanako kuli m'kati.

Tiyambe ndi mkangano wa maina, poti aliyense wofuna kuwerenga za maluwawa amakumana nawo tsiku loyamba lomwe. Akatswiri a zomera amasanja zomera m'mabanja, banja amaligawa m'mafuko, fuko lililonse n'kukhala ndi mitundu yake. Mu 1753, Carl Linnaeus wa ku Sweden anatchula fuko lina kuti Mimulus, potengera chomera cha kum'mawa kwa North America chotchedwa Mimulus ringens, cha maluwa a buluu mofiirira ndi tsinde la ngodya zinayi, chomera m'madambo. Kwa zaka zoposa 250, pafupifupi chilichonse chokhala ndi duwa la milomo iwiri lotere chinkaponyedwa m'fuko lomweli, ndipo fukolo linkawerengedwa m'banja la Scrophulariaceae. Mu 2002, Paul Beardsley ndi Richard Olmstead atayerekeza DNA ya zomerazi anaona kuti banja lake lenileni ndi Phrymaceae. Panatulukanso china chovuta kwambiri: Mimulus ringens, mwini dzina, ndi wachibale wapafupi wa zomera zina za ku Australia kusiyana ndi maluwa ambirimbiri a ku California aja.

Malamulo otchulira zomera amati dzina la fuko limatsala ndi mtundu womwe unayimira fukolo poyamba. Choncho mu 2012, William Barker, Guy Nesom, Beardsley yemwe uja ndi Naomi Fraga analigawa fukolo. Mimulus anatsala ndi mitundu 7 yokha. Mitundu pafupifupi 111 inapita ku fuko la Erythranthe, ina pafupifupi 46 ku Diplacus, yotsalayo ku timafuko ting'onoting'ono. Kusiyana kwa mafuko akulu awiriwa kumaoneka ndi maso: maluwa a Erythranthe amakhala pa kaphesi kakatali, pomwe a Diplacus kaphesi kake n'kakafupi, ena amachita kukhala ngati amatiridwa patsinde. Mukang'amba kachipatso, njere za Erythranthe zimamera pa mzati wapakati, za Diplacus zimamera m'makoma. Mwa mitundu yochepa yomwe inatsala ndi dzina lakale muli kachomera ka maluwa ang'ono oyererako komwe kamapezeka m'malo achinyontho kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa, komwe mabuku a zomera za kuno akhala akukatchula kuti Mimulus gracilis.

Ofufuza ambiri a za majini, tizigawo ta DNA tomwe ana amatengera kwa makolo, anakana kwamtuwagalu. Iwo anali atalemba kale malipoti ochuluka zedi pansi pa dzina la Mimulus, ndipo mu 2019 David Lowry ndi anzake ambiri analemba poyera kuti dzinali lipitirire kugwira ntchito pa maluwa onse a monkeyflower. Nesom ndi anzake anayankha, mkangano sunathe mpaka lero. Ndiye mukaona Mimulus guttatus m'lipoti lina ndi Erythranthe guttata m'buku lina, dziwani kuti n'chomera chimodzi. Kumbali yanga, ndikuona kuti ogawawo anatsata umboni ndi malamulo omwe akatswiri onse anagwirizana kale, ndipo kuzolowera dzina si chifukwa chokwanira chobisira ubale weniweni wa zomera. Koma madandaulo a enawo si opanda pake. Wophunzira yemwe akufufuza pa intaneti ndi dzina limodzi lokha amaphonya theka la zomwe zinalembedwa.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi Erythranthe guttata womwewo, wa maluwa achikasu okhala ndi timadontho tofiira pa mlomo wam'munsi. Umamera kuchokera ku Alaska mpaka ku Mexico, paliponse pamene madzi akudontha: m'mbali mwa timitsinje, pa akasupe, pamiyala yonyowa, m'matanthwe a m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Umakula msanga, umabereka tinjere tambirimbiri tonga fumbi, ndipo m'maselo ake muli ma chromosome 28, timitolo tosunga majini, nambala yosavuta kugwira nayo ntchito. N'chifukwa chake ma yunivesite ambiri a ku America amaudzala m'nyumba zoyeserera mbewu. Ngakhale Charles Darwin anagwiritsa ntchito wachibale wake, Mimulus luteus (Erythranthe lutea), pa kafukufuku wake wa mu 1876 woyerekeza zomera zodzibereketsa zokha ndi zolandira mungu wa zinzake.

Vuto n'lakuti guttata sakhala ndi maonekedwe amodzi. Kumtunda, kutali ndi nyanja, komwe dothi limauma gwaa dzinja likangotha, zomerazi n'zazing'ono, zimaphuka msanga, zimagwetsa njere n'kufa chaka chomwecho. Kugombe, komwe nkhungu ya m'nyanja imasunga chinyontho chaka chonse, n'zazikulu, za tsinde lonenepa, zimayanga pansi, zimapirira mchere wouluka ndi mphepo, zimachedwa kuphuka ndipo zimakhala zaka zambiri. Lowry ndi John Willis wa ku Duke University anasinthanitsa malo: za kugombe anakadzala kumtunda, za kumtunda kugombe. Za kugombe zinauma zisanaphuke n'komwe. Za kumtunda zinavutika ndi mchere. Mu 2010 anafotokoza chomwe chimasunga kusiyanaku. Pa chromosome imodzi pali chigawo chachitali chomwe chinatembenuka, kumutu kukhala kumiyendo. Chifukwa cha kutembenukako, majini a m'chigawocho sasakanikirana mosavuta ndi a mbali inayo zomera zikakwatirana, ndiye amayenda limodzi ngati phukusi: phukusi lina la moyo wachaka chimodzi, lina la moyo wautali. Kodi pamenepa pali mtundu umodzi kapena ingapo? Nesom anapatsa za chaka chimodzi dzina loti Erythranthe microphylla ndi za kugombe Erythranthe grandis. Ofufuza majini ambiri amangoti zonsezi ndi guttata, poti zikakumana zimaberekana.

Chomera chomwechi chinalowanso m'malo omwe zomera zina zimathawa. Ku paki ya Yellowstone, ku America, chimamera pa dothi lotenthedwa ndi akasupe owira, komwe timitengo take tatifupi timaphuka kwina kudakali chipale chofewa. Chimamera pa nthaka ya serpentine, yomwe ili ndi magnesium wochuluka ndi calcium wochepa. Ndipo ku Copperopolis, tauni ya ku California yomwe inayamba ndi migodi ya kopa m'ma 1860, chinazolowera milu ya dothi lotayidwa ku mgodi, lodzaza ndi kopa wopha mizu. Mark Macnair wa ku Britain anaona kalekale kuti zomera za pamgodizi zikakwatitsidwa ndi zina za kutali, ana ambiri amachita chikasu n'kufa akadali aang'ono. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti jini yopirira kopa ndi yomwe ikupha anawo. Mu 2013, Kevin Wright ndi anzake anaonetsa kuti majiniwo ndi awiri, ogundizana kwambiri pa chromosome. Pamene jini yopirira kopa inkafala pamgodi, inakoka mnansi wake wopha ana uja. Mpanda wolekanitsa zomera za pamgodi ndi zinzake unayamba kumangika mwangozi, m'zaka pafupifupi 150 zokha.

Pali achibale ena a guttata omwe anasankha njira yachidule. Erythranthe nasuta ili ndi timaluwa ting'onoting'ono, tina sititseguka n'komwe, timangodzibereketsa tokha osadikira njuchi. Erythranthe laciniata, ya masamba ong'ambikang'ambika, imamera pa ndere za pamiyala ya granite m'mapiri a Sierra Nevada ndipo imathamanga kubereka madzi a chipale chosungunuka asanaphwe.

Nkhani yomwe inatchukitsa maluwawa padziko lonse ndi ya mitundu iwiri ya m'mapiri omwewo a Sierra Nevada. Erythranthe lewisii, yomwe inatengera dzina la Meriwether Lewis, woyenda malo wa ku America, ili ndi maluwa apinki otambasuka bwino, okhala ndi mizere iwiri yachikasu yaubweya yolozera m'kati. Mlomo wake wam'munsi ndi pokhalira pabwino pa njuchi zikuluzikulu zaubweya, ndipo timadzi take n'tochepa. Imakonda pamwamba pa phiri. Erythranthe cardinalis ndi yofiira psuu, timasamba take tinapindikira kumbuyo moti njuchi ilibe potera, kachubu kake n'kopapatiza, timadzi n'tochuluka, ndipo kamutu kolandira mungu kanatulukira kunja kuti kazikhudza pamphumi pa hummingbird, choso wa ku America uja amamwa ali m'malere. Iyi imakonda m'munsi. Mukaziyika pamodzi simunganene kuti n'zapachibale. Komatu mukatenga mungu wa ina ndi kaburashi n'kupaka pa inzake, njere zimabereka ndipo ana amakula bwinobwino. William Hiesey, Malcolm Nobs ndi Olle Björkman a ku Carnegie Institution anachita zimenezi kwa zaka zambiri, kudzala anawo m'minda ya kuchigwa, pakati ndi pamwamba pa phiri, n'kutulutsa zotsatira mu 1971.

Kuthengo, ngakhale m'dera lomwe mitundu iwiriyi imakumana, ana osakanizika sapezeka kawirikawiri. Douglas Schemske, Toby Bradshaw ndi Justin Ramsey atawerengetsa zotchinga zonse, anapeza kuti zimatseka njira ndi maperesenti oposa 99, ndipo zikuluzikulu ndi ziwiri: kutalikirana kwa malo paphiri, ndi kukhulupirika kwa onyamula mungu. Njuchi imachoka pa pinki kupita pa pinki, mbalame pa lofiira kupita pa lofiira.

Kenako Bradshaw ndi Schemske anachita chinthu chofuna kudekha kwambiri. Anadziwa kuti pali malo amodzi m'majini, omwe anawatchula YUP, olamula ngati utoto wachikasu uzipezeka m'timasamba ta duwa kapena ayi. Pokwatitsa zomera mobwerezabwereza kwa mibadwo ingapo, anasamutsa malo amodziwo okha, zina zonse n'kuzisiya momwe zinalili. Lewisii inatuluka yachikasu mofiirira, cardinalis inatuluka yapinki woderapo. Anakazidzala kuthengo kufupi ndi paki ya Yosemite ku California n'kukhala pansi kuwerenga alendo. Lipoti lawo la mu 2003 linati lewisii yosinthidwa mtundu inachezeredwa ndi mbalame kuchulukitsa ka 68 kuposa yapinki, ndipo cardinalis yapinki inachezeredwa ndi njuchi kuchulukitsa ka 74 kuposa yofiira. Maonekedwe a duwa, timadzi, kutalika kwa kachubu, zonse zinali zomwezo. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti mitundu imapatukana ndi timasinthidwe ting'onoting'ono tosawerengeka. Apa panaoneka kuti sitepe imodzi yaikulu ikhoza kuyambitsa ulendowo. Zinatenga zaka zina 20 kuti anthu adziwe chomwe YUP ali. Mu 2023, gulu la Yao-Wu Yuan ku University of Connecticut linapeza kuti malowa sapanga puloteni monga majini ambiri, koma amatulutsa tizidutswa ta RNA (mnzake wa DNA) tomwe timazimitsa jini ina yoyatsa utoto wachikasu. Gulu lomweli ndi lomwe linathandiza kufotokoza, mu 2020, chiyambi cha timadontho tofiira tija: jini ina imayatsa utoto, ina yomwe yayatsidwa ndi yoyambayo imafalikira m'mbali n'kuuzimitsa, kadontho n'kutsala pakati.

Fuko la Diplacus lili ndi khalidwe lina. Ambiri mwa mamembala ake sakonda madzi. Diplacus aurantiacus ndi chitsamba cha m'mapiri ouma, kuchokera kum'mwera kwa Oregon mpaka ku Baja California, ndipo masamba ake ali ndi utomoni womata zala, womwe umachepetsa kudya kwa mbozi za gulugufe wotchedwa Euphydryas chalcedona. Kufupi ndi San Diego, zitsamba za kugombe zili ndi maluwa ofiira okondedwa ndi mbalame, za kumtunda achikasu okondedwa ndi agulugufe a usiku, ndipo pakati pali kadera komwe mitundu yonse ya utoto imasakanikirana. Matthew Streisfeld wa ku University of Oregon wakhala akufufuza malire amenewa, omwe ena amawaona ngati mitundu iwiri, ena ngati umodzi. M'fuko lomweli muli tizomera totalika ngati chala, tomwe duwa lake limaposa thupi lonse, monga Diplacus douglasii, komanso Diplacus rupicola yomera m'ming'alu ya matanthwe a laimu m'chipululu cha Death Valley.

Ku Britain maluwawa anapita ndi olima maluwa, ndipo kumeneko anachita zomwe kwawo sakadachita. David Douglas wa ku Scotland anatumiza Erythranthe moschata m'ma 1820 kuchokera kudera la mtsinje wa Columbia. Kachomera kaubweya aka kanafala m'mawindo a nyumba chifukwa cha fungo lake lokoma, koma cha m'ma 1914 olima anayamba kudandaula kuti fungo lija latha paliponse. Ena amafotokoza kuti zomera zonunkhira zinali zochepa kuyambira kale, ndipo ogulitsa atayamba kufesa njere m'malo modula nthambi, zosanunkha zinalanda malo.

Guttata anafika ku Britain cha m'ma 1812, lutea wa ku Chile n'kutsatira patapita zaka zochepa. Ku America mitundu iwiriyi inalekanitsidwa ndi mtunda wautali zedi. M'minda ya maluwa ya ku Britain inakhala moyandikana, inakwatirana, ana n'kuthawira m'mitsinje. Haibulidi yake, ndiye kuti mwana wosakanizikayo, Mimulus × robertsii, yafala m'timitsinje tambiri ta kumpoto kwa dzikolo. Koma ili ngati nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi: yamphamvu koma yosabereka. Chifukwa chake ndi masamu. Guttata ali ndi ma chromosome 28, lutea ali nawo pakati pa 60 ndi 64. Mwana amalandira theka kuchokera kwa kholo lililonse, n'kukhala nawo pakati pa 44 ndi 46, ndipo pofuna kupanga mungu ambiri amasowa mnzake woyenda naye. Chomeracho chimangofala ndi nthambi zothyoka zotengedwa ndi madzi.

Mu 2011, Mario Vallejo-Marín, yemwe panthawiyo anali ku University of Stirling, anapeza zomera za haibulidi imeneyi m'mbali mwa kamtsinje kufupi ndi Leadhills, kum'mwera kwa Scotland, zili ndi njere zodzaza. Ataziyeza anapeza ma chromosome 92. Penapake, pa chomera chimodzi, ma chromosome onse anawirikiza kawiri, ndiye iliyonse inapeza mnzake, kubereka n'kubwerera. Zomera zatsopanozi zimaberekana zokhazokha, koma sizigwirizana bwino ndi makolo awo chifukwa nambala zasiyana. Umenewu ndi mtundu watsopano mwa muyezo uliwonse, ndipo mu 2012 anaupatsa dzina loti Mimulus peregrinus. Sungapose zaka 200, poti makolo ake anali asanakumane. Ofufuzawo anayerekeza kuti uli ndi zaka zosakwana 140. Patapita nthawi pang'ono anaupezanso ku zilumba za Orkney, ndipo DNA inaonetsa kuti kumeneko unabadwa pawokha, kuchokera ku haibulidi ya komweko. Mtundu umodzi unabadwa kawiri. Njira yomweyi, yokwatirana kenako n'kuwirikiza ma chromosome, ndi yomwe inatipatsa tirigu, thonje, fodya ndi mtedza zaka zikwi zambiri zapitazo, popanda woonerera. Ku Scotland makolo onse awiri, haibulidi yosabereka ndi mdzukulu wobereka zonse zikadali moyo, ndipo munthu akhoza kuziyika patebulo limodzi n'kuyerekeza majini ake.

Wina akhoza kunena kuti ngati malire ali osakhazikika chonchi, kukangana za maina n'kutaya nthawi. Sindikuvomereza, ndipo chifukwa changa chili ku Michigan, dera lina la ku America. Kumpoto kwa dera limeneli, kufupi ndi nyanja za Michigan ndi Huron, kuli chomera cha maluwa achikasu chomwe sichipezeka kwina kulikonse padziko. Chimafuna madzi ozizira a kasupe, oyenda chaka chonse pa mchenga kapena matope a laimu, nthawi zambiri m'mphepete mwa nkhalango za mikungudza. Boma la America linachiika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutha mu 1990, panthawiyo chikuwerengedwa ngati kagulu chabe ka mtundu wina wofala, Mimulus glabratus. Mu 2003, Amanda Posto ndi Alan Prather atayeza DNA yake anachikweza kukhala mtundu pawokha, ndipo lero chimatchedwa Erythranthe michiganensis. Kusintha kumeneku kunatanthauza kuti chikatha ku Michigan, palibe kwina kokachitenga. Lamulo, ndalama zotetezera ndi chidwi cha anthu zimatsata zomwe zalembedwa pa mndandanda, ndipo chomera chomwe chamezedwa m'dzina la china chimasowa woyankhulira. Ku California kuli mitundu yambiri ya Erythranthe ndi Diplacus yomera m'kadera kamodzi kapena kawiri kokha, ndipo ina inapatsidwa maina posachedwapa, Naomi Fraga atayang'ananso zomera zomwe kale zinkaunjikidwa pamodzi.

Chomera cha ku Michigan chili ndi vuto linanso. M'malo ambiri momwe chimamera, mungu wake ndi wakufa ndipo sichibereka njere. Chimangofala ndi nthambi zoyanga ndi zothyoka. Gulu la ku mtsinje wa Maple ndi lomwe limadziwika kuti limabereka njere zabwino zochuluka. Magulu enawo ambiri ali pa malo a anthu wamba m'mphepete mwa nyanja, komwe kumanga nyumba, kukonza msewu kapena kupatutsa kasupe mmodzi kumakwanira kutenthetsa kapena kuumitsa madzi omwe gulu lonse limadalira. N'chifukwa chake oteteza chomerachi amathera nthawi yambiri akukambirana ndi eni malowo za ngalande, mipope ndi komwe madzi apansi akuchokera.